Galimoto Yoyera Siichiritsa Mwana

Mwezi watha, titatsala pang'ono kuŵeruka pamsonkhano wathu wa achichepere, ndinafunsa funso limene ndinaliyesa lopepuka. Ndinapempha aliyense kuti anene ntchito imene akuilakalaka akadzamaliza giredi 12. Tinalipo oposa 20. Aŵiri anati unamwino. Mmodzi anati uphunzitsi, ndipo anzake anamseka kufikira anazolika. Koma yankho limene linabwerezedwa kaŵirikaŵiri linali lakuti: "Ine, atsogoleri, ndifuna kukagwira ku NGO." Pamene ndinafunsa kuti kukagwira ntchito yanji, mnyamata wina wanzeru ndithu, amene masamu sampatsa vuto, anayankha kuti: "Iliyonse, malinga kukhale ku NGO."

Yankho limenelo landisoŵetsa tulo, ndipo ndifuna kulimbana nalo pano poyera. NGO si ntchito, anzanga. Ndi bungwe chabe, monga mmene sitolo ilili sitolo. Palibe munthu wolongosoka amene amanena kuti akadzakula afuna kudzakhala m'nyumba ya malata ofiira, chifukwa aliyense angamfunse kuti: 'Ukachitamo chiyani?' Komabe mbadwo wathu wasandutsa dzina la bungwe kukhala loto, ndipo luso lenileni taliika pambuyo.

Ndidziŵa chimene chatikopa. Tonsefe taiwona galimoto yoyera ija ikuchokera ku Chipata, ikufwiritsa fumbi pa amayi okwera njinga ndi matumba a chimanga. Tawona masikipa olembedwa pamsana, zipewa, zikwama za laputopu. Tamva za misonkhano ya ku malodji kumene munthu amadya nkhuku masana, nalandiranso alawansi chifukwa cha kukhala pampando. Sindikunyoza anthu okwera galimotoyo. Ambiri a iwo amagwira ntchito yolimba, ndipo ena ndi abale athu. Chimene ndikutsutsa nchakuti ife tayang'ana galimoto ndi kuiŵala kufunsa kumene ikupita, ndi chimene munthu ali m'katimo anaphunzira kuti ayenerere ulendowo.

Nditenga chitsanzo cha mabungwe othandiza za umoyo wa ana m'masukulu, popeza ntchito imeneyo ikukula m'Zambia muno, ndiponso ikhudza ang'ono athu amene timadya nawo mbale imodzi.

Mwana amene chipatala chinamuiŵala

Talingalirani za mlongo wanu wamng'ono. Pamene anali wakhanda, anali ndi khadi la kusikelo. Mwezi ndi mwezi amayi anali kumbereka kupita naye kukiliniki, kukampima kulemera ndi kumbaya katemera. Panthaŵi ya mlungu wa umoyo wa ana anali kulandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Koma tsiku limene anakwanitsa zaka 5, khadi lija linaloŵa m'sutukesi, ndipo kuyambira pamenepo palibenso amene amamfunafuna. Amangofika kuchipatala atadwala kwakayakaya.

Komatu matenda sanamsiye. Malungo amamgwira nyengo ya mvula iliyonse. Njoka za m'mimba zimamdyera chakudya ndi kumchepetsa magazi, kotero kuti pofika 10 koloko akuwodzera padesiki, ndipo aphunzitsi amati ndi ulesi. Akasamba padamu kapena m'madzi oima a kudambo, kumene kuli nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, amayamba kukodza magazi, ndiyeno amabisa chifukwa cha manyazi. Alipo anyamata amene anauzidwa ndi anzawo kuti kukodza magazi ndiko kukula! Wina sawona bwino zolembedwa pabolodi, amakopera zolakwa, amalephera mayeso chaka ndi chaka, ndipo mudzi wonse umagamula kuti ndi mbuli, pamene chimene akusoŵa ndi magalasi.

Ana ameneŵa sali obisika ayi. Tsiku lililonse amasonkhana pamalo amodzi, m'maŵa ndithu, atafola pamzere. Chiyambire January 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu kufikira giredi 12, makalasi adzaza kuposa ndi kale lonse. Chotero funso nlakuti: Kodi nchifukwa ninji tiyenera kuyembekezera mwana kuyenda mtunda wautali kupita kukiliniki, pamene thandizo loyamba lingamfikire pomwe iye ali?

Ganizo limeneli silachilendo. Unduna wa Maphunziro uli ndi programu ya umoyo ndi kadyedwe m'masukulu imene aphunzitsi amaitcha SHN, ndipo malamulo ake analembedwa mu 2006. Ndiyeno mu 2014 bungwe lotchedwa Healthy Learners linayamba ntchito m'masukulu a ku Lusaka, ndipo pambuyo pake linafalikira kumaboma ena, likugwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo ndi wa Maphunziro. Njira yake njoyenera kuilingalira bwino, chifukwa ikuphwanya loto lathu la galimoto. Bungwelo silitumiza madokotala kusukulu. Limatenga aphunzitsi amene ali kale pasukulupo, olipidwa ndi boma, ndi kuwaphunzitsa kuzindikira mwana wodwala, kupereka thandizo loyamba, kuphunzitsa ukhondo, ndi kutumiza kukiliniki awo ofunikira namwino kapena dokotala. Pasukulu pamakhala kachipinda ka zaumoyo kumene mwana angagone ndi kufunsidwa mosamveka kwa anzake. Mphunzitsiyo amatsogozedwa ndi mafunso a patabuleti, ndipo mwana wotumizidwa ndi kalata samataya tsiku lonse pamzere.

Kodi mwawona amene ali pakati pa ntchito yonseyo? Ndi mphunzitsi. Yemwe uja tinamseka pamsonkhano.

Iye ndiye amawona kuti kamtsikana kaja kamene kamakonda kuyankha lero kangoti zii, maso ali ofiira. Iye ndiye amafunsa m'kalasi kuti uje wasoŵa masiku atatu, ndani akhala naye pafupi? Iye ndiye ayenera kusiyanitsa mutu wa njala ndi mutu wa malungo, ndi kudziŵa kuti mwana wouma khosi, kapena wokomoka, kapena wopuma mobanika, sayenera kupatsidwa Panadol ndi kuuzidwa kukagona kunyumba, koma kuthamangira naye kuchipatala nthaŵi yomweyo. Ayenera kudziŵanso polekezera, pakuti mphunzitsi wodziyesa dokotala angaphe mwana. Ayenera kusunga chinsinsi. Mtsikana wa giredi 7 akaulula kuti pali mwamuna wina wamkulu amene akumvuta panjira, mphunzitsi wa pakamwa angawononge moyo wa mwanayo ndi mawu aŵiri onenedwa m'chipinda cha aphunzitsi. Zimenezi sizibwera ndi sikipa. Zimaphunziridwa, ndipo zimatenga zaka.

Kumbuyo kwa mphunzitsiyo kuli ena. Kuli namwino wa pakiliniki amene amalandira mwanayo, kumbaya chala, kuŵerenga mizera ya kachipangizo kopimira malungo, ndi kulongosola kuti Coartem amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, osati kulekezera panjira mutu ukaleka kuŵaŵa. Kuli wa zaukhondo amene amapima madzi a pamjigo ndi kuyendera zimbudzi. Patsiku logaŵira mankhwala a likodzo, payenera kukhala munthu wodziŵa kuti mapiritsi a praziquantel amaperekedwa malinga ndi msinkhu wa mwana, poimika mwanayo pandodo yopimira, ndi kuti mwana ayenera kuyamba wadya, apo phuluzi adzachita chizungulire ndi kusanza, ndipo maŵa lake makolo a mudzi wonse adzaletsa ana awo kumwa. Chiyambire 2019 atsikana m'dziko lino akhala akulandira katemera wa HPV wotetezera kansa ya khomo la chiberekero, ndipo ambiri amalandirira kusukulu; katemerayo ayenera kufika ali wozizira, chotero ngakhale woyendetsa galimoto yoyera ija ali ndi luso limene afunikira, la kusunga nthaŵi ndi kusamala bokosi.

Nanga a mu ofesi? Alipo, ndipo ngofunika: oŵerengera ndalama, osonkhanitsa ziŵerengero za ana odwala ndi ochira, ogula ndi kusunga katundu, ophunzitsa aphunzitsi. Koma tapitani mukaŵerenge zilengezo za ntchito zawo. Simudzapeza cholembedwa kuti 'tifuna munthu wokonda NGO.' Afuna namwino wolembetsedwa ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, kapena clinical officer wokhala ndi chilolezo cha Health Professions Council of Zambia, kapena mphunzitsi, kapena wa maakaunti, ndipo pafupifupi nthaŵi zonse amawonjezera kuti akhale atagwirapo kale ntchito zaka zakutizakuti. Munthu wophunzitsa aphunzitsi kuzindikira mwana wodwala ayenera kukhala atagwirapo ana odwala ambirimbiri ndi manja ake. Wokwera galimotoyo anayamba wayenda pansi.

Mlendo ndi mame

Tsopano ndiloleni ndiulule zanga, kuti musaganize kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanapusitsidwepo. Nditamaliza koleji, ndinakhala panyumba miyezi yambiri. Ndiyeno bungwe lina, limene sindidzalitchula, linadzafuna achichepere odzipereka oti aziyenda m'masukulu kuphunzitsa za kusamba m'manja ndi kulemba maina a ana odwaladwala. Anatipatsa masikipa aŵiriaŵiri ndi ndalama ya chakudya cha masana. Ndinanyada kwabasi. Amayi anauza anansi kuti mwana wawo wapeza ntchito. Tinalonjezedwa kuti ochita bwino adzalembedwa ntchito yeniyeni 'ndalama zikabwera.' Ndinakhulupirira mawu amenewo kwa chaka ndi miyezi ingapo, ndikupalasa njinga yanga, matayala ndikugula ndekha. Tsiku lina tinaitanidwa, tinapatsidwa botolo la zakumwa ndi pepala loyamikira, ndi kuuzidwa kuti projekiti yatha.

Chimene chinandiŵaŵa kwambiri sichinali ndalama. Pasukulu ina panali kamtsikana ka giredi 4 kamene ndinakalemba m'buku langa katatu konse kuti kamatuluka mafinya m'khutu. Katatu! Ndinalemba bwinobwino, ndi deti lomwe, ndipo mapepalawo anapita kuofesi. Koma sindinadziŵe kuti khutu lotero lingagonthetse mwana, sindinadziŵe woti ndimuuze, ndipo palibe amene anandiphunzitsa. Ndinali ndi sikipa, ndinalibe luso. Amene anakathandiza ndi mphunzitsi wina wachikulire wa pasukulupo, amene anapita yekha kukalankhula ndi agogo ake a mwanayo, nawaumiriza kupita naye kuchipatala. Projekiti yathu inatha. Mphunzitsiyo adakali pomwepo.

Makolo anati mlendo ndi mame. Ngati pali amene anali kukayikira mwambi umenewo, chaka cha 2025 chinamphunzitsa. Mu January chaka chimenecho boma la United States linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake kumaiko akunja, ndipo mabungwe ambiri analandira makalata owalamula kuleka ntchito nthaŵi yomweyo. Pofika July, bungwe la USAID, limene chizindikiro chake tinazoloŵera kuchiwona pamagalimoto ndi pamakatoni a mankhwala, linali litatsekedwa. Mu May 2025 kazembe wa dzikolo ku Lusaka, a Michael Gonzales, analengezanso kuti adzadula madola 50 miliyoni a thandizo la mankhwala pachaka chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala operekedwa kwaulere. Anthu ochuluka m'Zambia anadzuka m'maŵa napeza kuti ntchito imene anaiyesa ya moyo wonse inali yodalira siginecha ya munthu wina ku Washington amene sanamvepo za Mwami kapena Vubwi.

Kodi ndani anavutika koposa? Onse anavutika, ndipo sindifuna kupeputsa misozi ya aliyense. Koma namwino anatsala ali namwino. Wopima magazi anatsala ndi luso lake ndi chilolezo chake, ndipo akanatha kugogoda pakhomo lina. Amene anagwa chagada ndi uja amene ntchito yake yonse inali dzina lalitali la Chingelezi lopezeka m'projekiti imodzi yokha, amene atafunsidwa chimene adziŵa kuchita anangotchula misonkhano imene anapitako.

Taonani kusiyana kwake pakhomo pathu pomwe. Chipatala cha Mwami chinayamba mu 1927. Chasamalira akhate, chatsegula maso a anthu ochokera kutali, ndipo sukulu yake ya anamwino yatulutsa anthu amene akugwira ntchito m'zigawo zonse za dziko lino. Maprojekiti angati abwera ndi kupita m'zaka zonsezo? Zikwangwani zawo zina zidakaimabe m'mbali mwa msewu, zochita dzimbiri, zilembo zitafufutika. Ku Katete kuli St Francis, ku Chipata kuli sukulu ya anamwino ndi koleji ya aphunzitsi. Malo ophunzirira luso lokhalitsa atizinga, koma maso athu ali pafumbi la galimoto.

Mawu kwa akulu athu

Pano ena a inu mukuganiza kuti nditsiriza ndi kunena kuti tileke kuganiza za malipiro, tingotumikira ndi mtima wonse. Iyayi. Chiphunzitso chimenecho ndicho mbali ina ya vuto lomweli, ndipo ndipempha akulu athu ampingo, mwaulemu wonse, kuti andimvetsere.

Kaŵirikaŵiri wachichepere akafunsa kuti ntchito yakutiyakuti imalipira zingati, kapena ngati ili ndi mwaŵi wa kukwezedwa, timamyang'ana ngati wachita tchimo. Timati ngwadyera, alibe maitanidwe. Timatamanda wodzipereka amene wagwira zaka zitatu popanda malipiro, ndipo sitifunsa kuti sopo amagula ndi chiyani, kapena chifukwa chake sakukwatira. Mabungwe ena aphunzira kugwiritsira ntchito ulemu wathu umenewu. Amadziŵa kuti mwana woleredwa mumpingo sakana, safunsa kontrakiti, ndipo amachita manyazi kutchula ndalama.

Pali kufufuza kumene kunachitika m'dziko lathu lomwe lino kumene akulu athu ayenera kukudziŵa. Mu 2010, pamene Unduna wa Zaumoyo unali kufuna anthu oyamba oti aphunzire ntchito ya othandiza zaumoyo m'midzi, otchedwa Community Health Assistants, akatswiri a zachuma, pakati pawo Nava Ashraf ndi Oriana Bandiera, anagwirizana ndi boma kuyesa chinthu china m'maboma 48. M'maboma ena anakhoma zilengezo zogogomezera kutumikira mudzi. M'maboma ena anakhoma zogogomezera kuti ntchitoyo ndi khomo la kupita patsogolo, kuti munthu angadzakhale namwino kapena clinical officer. Ambirife tikanalosera kuti chilengezo chachiŵiricho chidzakopa adyera amene adzanyalanyaza odwala. Zotulukapo zinali zosiyana. Awo amene analembedwa kupyolera m'chilengezo cha kupita patsogolo anayendera mabanja ochuluka ndi 29 peresenti kuposa anzawo, anachititsa misonkhano ya m'midzi yoŵirikiza kaŵiri, ndipo m'madera awo chiŵerengero cha ana opereŵera kulemera chinatsika ndi 25 peresenti.

Chotero kufuna kukwera sikuli mdani wa chifundo. Wachichepere amene akufuna kudzakhala wina wake maŵa ndiye amene amaŵerenga usiku, amafunsa mafunso, amafika panthaŵi yake. Tisamchititse manyazi. Chimene tiyenera kumfunsa nchakuti akufuna kukwera pamakwerero ati: a luso, kapena a maalawansi?

Sindikunena kuti kudzipereka nkoipa. Bungwe la Mary's Meals, limene linayambira ku Malaŵi mu 2002 ndi kufika m'masukulu a boma la Chipata mu 2014, limadalira makolo amene amalaŵira m'mamaŵa kukaphika phala la ana. Amayi amenewo amasinthana masiku, akuphikira ana awo ndi a anansi awo, ndiyeno amabwerera kuminda yawo. Kumeneko ndiko kudzipereka koyenera, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma nkosiyana kotheratu ndi kutenga mnyamata wa dipuloma, kumgwiritsa ntchito kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu chaka ndi chaka, kumlipira ndi sikipa, pamene lipoti lopita kwa opereka ndalama likuŵerengera ntchito yake monga chipambano cha bungwe. Chimenecho chili ndi dzina lina, ndipo mpingo suyenera kuchidalitsa.

Ngati mudzipereka, anzanga, funsani zinthu zitatu musanavale sikipayo: ndidzaphunzira chiyani chimene ndingadzachisonyeze kwina, adzandiyang'anira ndani wodziŵa ntchitoyo, ndipo zidzatha liti. Ngati ayankha mozungulira, bwererani kumunda. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke kandalama kuti dzina lanu liloŵe pandandanda, kapena akauza mlongo wathu kuti akakumane naye kulodji madzulo kuti 'akambirane za ntchito,' dziŵani kuti mwakumana ndi mbala, ngakhale itavala tayi.

'Koma anamwino ali pakhomo'

Ndikumva kale chitsutso chanu, ndipo ncholemera. Mudzati: 'Atsogoleri, inu mukuti tiphunzire luso, koma m'mudzi mwathu muli anamwino ndi aphunzitsi amene anamaliza maphunziro kalekale, makolo atagulitsa ng'ombe, ndipo akugulitsa tomato pamsika.' Nzowona. Ine ndemwe ndakhalapo pakhomo ndi pepala m'sutukesi, ndipo ndidziŵa mmene moni wa anansi umaŵaŵira. Mu 2022, pamene boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496, ofunsira anali oposa 100,000. Ambiri anabwerera manja ali m'khosi. Sindingakunamizeni kuti dipuloma ndi kiyi yotsegula chitseko chilichonse.

Koma talingaliraninso chiŵerengero chomwecho. Aphunzitsi 30,496 ndi antchito a zaumoyo 11,276 analoŵa ntchito m'chaka chimodzi. Pa onsewo, ndi angati analembedwa chifukwa cha mtolo wa mapepala a kumisonkhano? Tsiku limene chitseko chinatseguka, analoŵa okhawo amene anali ndi maphunziro enieni ndi olembetsedwa kumabungwe oyang'anira ntchito zawo. Wokhala ndi luso angadikire, ndipo kudikirako nkoŵaŵa. Wopanda luso alibe nchomwe chimene akudikira.

Ndiponso, ndani anati umoyo wa ana a sukulu uli m'manja mwa ovala zoyera okha? Kumbukirani kolera imene inabuka ku Lusaka mu October 2023. Bwalo la maseŵera la National Heroes linasandutsidwa chipatala, anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lino, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 sanatsegulidwe kufikira pa 12 February. Ana a dziko lonse anataya milungu isanu. Chimene oyendera masukulu anali kuyang'ana asanalole kutsegula chinali madzi, zimbudzi ndi posambira m'manja. Pamenepo munthu wodziŵa kukonza mjigo, kuyala mapaipi, kapena kumanga chimbudzi chimene sichigwa ndi mvula yoyamba, anali wantchito wa zaumoyo kuposa aliyense wonyamula laputopu. Sukulu yopanda chimbudzi chabwino cha atsikana imataya atsikana ake masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo enawo sabwereranso. Womanga chimbudzi chokhala ndi chitseko chotsekeka ndi madzi pafupi wasunga atsikana ambiri m'kalasi kuposa nkhani khumi za pamsonkhano.

Njira ya kumeneko siili yotsekeka. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ya ndalamazo njolipirira achichepere maphunziro a ntchito zamanja. Mafomu amadzera kumakomiti a chitukuko a m'mawodi athu. Ndi angati a ife anapitako kukafunsa? Timanyoza umisiri chifukwa ulibe yunifomu yonyaditsa, ndiyeno timadandaula kuti kontrakiti yomanga kachipinda ka zaumoyo pasukulu yathu yapatsidwa kwa munthu wochokera kutali.

Kwa inu amene mudakali ku sekondale, nkhaniyi ikuyambira padesiki panu lero. Sukulu za anamwino zimafuna makirediti asanu a giredi 12, kuphatikizapo Chingelezi, masamu ndi sayansi. Mnyamata amene amathaŵa phunziro la masamu nakhala kuseri kwa kalasi akulota za galimoto yoyera akudzitsekera yekha chitseko cha galimoto yomweyo. Ngati munalephera phunziro limodzi, kalembeninso mayeso a GCE. Palibe manyazi pamenepo; ndidziŵa anamwino abwino amene analemba masamu kaŵiri.

Ndipo kwa mabungwe eniake ndinena izi. Amene mumaphunzitsa aphunzitsi ndi kulimbitsa makiliniki a boma, kotero kuti inu mutachoka ntchito ipitirire, mukuchita bwino, ndipo tidzakulandirani ndi manja aŵiri. Koma musatipime ndi muyeso wina. Mukafuna wantchito, lengezani poyera, ndipo lengezaninso kuno, osati pa intaneti pokha pamene mwana wa ku Feni wopanda foni yaikulu sadzawona. Mphunzitsi amene mwamsenzetsa ntchito ya zaumoyo pamwamba pa kalasi la ana osaŵerengeka, muwonetsetse kuti maphunziro amene mwampatsa ngozindikiridwa ndi Unduna, kuti amthandize pokwezedwa. Ndipo pamene mulemba malipoti anu okongola, dzina la ntchito yake liwonekere, pakuti ndiye anagwira mphumi ya mwana wotentha thupi pamene inu munali pamsonkhano.

Mtsikana uja amene tinamseka chifukwa chofuna uphunzitsi ndinakampepesa pamaso pa amayi ake, popeza inenso ndinamwetulira nawo tsiku lija. Wavomera kutsogolera kagulu kathu Lachitatu likudzali. Tapangana ndi ahedi a sukulu ya pulaimale ya kufupi ndi kwathu kuti tikaŵerenge zimbudzi zimene zili ndi zitseko, tikawone chimene chinawonongeka pamjigo, ndi kukhala pansi ndi aphunzitsi a SHN kuti atiuze okha mmene tsiku lawo limayendera. Namwino wina wopuma pantchito wa mumpingo mwathu adzatiperekeza kuti akayankhe mafunso a awo ofuna unamwino. Tidzakumana patchalitchi 7 koloko m'maŵa. Bwerani ndi kope, cholembera, ndi khasu. Amene ali ndi njinga anyamule mnzake.